Ndege ya Akapitawo ndi Utsi Umene Sitinaufikire

Zaka zija njovu zinkagwa ngati nkhuku za chitopa m'chigwa cha Luangwa, ine ndinali makaniko pa loji ina ya alendo odzaona nyama cha ku Chinzombo. Ntchito yathu inali magalimoto onyamula alendo, pampu ya madzi ndi jenereta. Mkulu wa galaja anali bambo wina wochokera ku migodi, Mbemba wamfupi wa imvi m'mbali mwa makutu, amene tonse tinkangowaitana kuti akapitawo. Chinyanja chawo chinkatsimphina, Chikunda ndiye sankachimva n'komwe. Sanali munthu wocheza kwambiri, koma pantchito sankakalipa.

Akapitawo anali ndi ndege yawoyawo. Kuyendetsa anaphunzira ali ku migodi komweko, ndipo mzungu wina amene ankagwira naye ntchito, pobwerera kwawo, anawasiyira ndege imene anayamba kupanga kuseri kwa nyumba yake koma osaitsiriza. Anabwera nayo kuchigwa pa lole, thupi palokha mapiko paokha, n'kuimangira chisakasa cha udzu kuseri kwa galaja. Mmenemo ndimo anaitsirizira pang'onopang'ono, tikaweruka komanso Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, ine ndikuwagwirira zitsulo. Thupi lake linali la mapaipi, mapiko a matabwa okutidwa ndi nsalu yolimba, mipando iwiri yoyandikana. Injini inali ya timagalimoto tija tokhala ndi injini kumbuyo, yosathiridwa madzi. Masilinda ake ndi anayi, awiri uku awiri uku, ndipo ali ndi zipsepse ngati za nsomba. Chimene chimaiziziritsa ndi mphepo yodutsa m'zipsepsemo basi. Mphepoyo ikapanda kudutsa bwino, injini imapsa.

Anthu ankatiseka, makamaka ophika ndi ochapa a pa loji. Akapitawo sankawayankha. Ine ndi amene ankandiuza cholinga chawo, kuti masikauti, alonda a nyama za m'tchire, amayenda pansi mlungu wathunthu kufunafuna chinthu chimene munthu ali m'mwamba angachione tiyi asanapole: moto wa mapocha opha nyama mozemba, thandala lowambira nyama, miimba ikuzungulira pamene pagwa njovu. Ankati ndege imeneyi siyonyadira, ndi maso a masikauti.

Mmodzi mwa masikautiwo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono. Ankakhala pa kampu ina pafupi ndi mlatho wolowera mu paki yosungira nyama. Anali munthu wamtali, wosachedwa kuseka, wosuta fodya wopichira m'nyuzipepala. Akakhala kuti sali pa patirolo ankabwera pa njinga kuchisakasa, n'kukhala pa diramu yopanda kanthu, kumatiyang'ana. Akapitawo ankamuthamangitsira panja ndi fodya wakeyo chifukwa cha petulo, iye n'kumapitiriza nkhani ali kubwalo. Ankati ikadzauluka ndegeyo, iye ndiye woyamba kukwera, adzaone mmene dazi la abwana ake limaonekera kuchokera kumwamba.

Inauluka m'nyengo yozizira, pa kabwalo ka fumbi kamene loji inalambula pakati pa mitengo ya tsanya. Akapitawo anazungulira okha pamwamba pa mtsinje n'kutera bwinobwino. Aja ankaseka aja anaomba m'manja. Koma potsika, akapitawo nkhope inali yosamasuka. Anandiitanira pa mpando n'kundilozera geji yoonetsa kutentha kwa masilinda. Anati muvi wake unakwera kufika pafupi ndi mzere wofiira, chonsecho kunja kunkazizira mpaka anthu kuvala majuzi.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yathu inali imodzi, kufuna chimene chinkatenthetsa injini ija.

Poyamba tinaganiza kuti geji ikunama. Tinamasula kawaya kake kamene kamagona pansi pa pulagi, n'kukaviika m'ketulo ya madzi owira. Geji inaonetsa ndendende kutentha kwa madzi owira. Sinkanama. Tinamasula mapulagi, tinawapeza ali mbuu ngati phulusa, kusonyeza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Akapitawo anakulitsa kabowo ka petulo mu kabuleta. Injini inayamba kumwa kwambiri, mapulagi anada pang'ono, muvi unatsika katsitsi kokha. Tinabweza moto m'mbuyo kuti uzithetheka mochedwerapo. Muvi unatsikanso pang'ono, koma mphamvu inachepa moti ponyamuka matayala anangotsala pang'ono kukhudza nsonga za tsanya. Tinaubwezera pamene unali.

Kenako tinatembenukira ku malata olondolera mphepo. Mkati mwa chivundikiro cha injini mumakhala timalata totchinga, toti mphepo yolowa kutsogolo isathawire m'mbali koma ikakamizike kutsika kudzera m'zipsepse. Tinafunditsa ndege yonse tenti ya galimoto, akapitawo n'kuika tochi pansi pa injini, ine ndikuyang'ana pamwamba paliponse pamene kuwala kunkatulukira. Mipata inalipo yambiri. Tinaitseka ndi zidutswa za chubu cha galimoto ndi timisomali ta maliveti. M'zipsepse za kumbuyo tinapezamo zisa za mavu aja oumba ndi dothi, tinazitokosa ndi waya. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu, ndikuti matenda tawapeza. Mawa lake muvi unakweranso, mochedwerapo chabe.

Tinasuntha kachitsulo koziziritsa oilo, tinakaika poyang'ana mphepo. Tinasintha oilo. Pomaliza akapitawo anakulitsa mabowo awiri a kutsogolo olowera mphepo, mpaka ndege inkaoneka ngati mvuu yotukumula mphuno. Sizinathandize. Silinda ya kumbuyo kumanzere ndiyo inkatsogola kupsa, zinzake n'kumatsatira.

Mmene tinkachita zimenezi n'kuti nyengo ikusintha. Masamba a tsanya anayoyoka, mathamanda anauma n'kung'aluka, mphepo inayamba kuwomba ngati yochokera mu uvuni. Pofika Okutobala ndege inkangonyamuka, kuwoloka mtsinje, kupita pang'ono, muvi wafika kale pofiira. Masikauti anasiya kufunsa. Mlamu wanga yekha ndi amene ankabwerabe, kumatiuza kuti tisataye mtima, ngakhale mwana sayamba ndi kuthamanga.

Uthenga unandipeza ndili pansi pa galimoto. Sikauti wina anafika pa njinga, milomo itauma gwa, n'kundiuza kuti patirolo ya mlamu wanga yabwera yopanda iye. Anali kutali, cha kumunsi kwa mapiri a Muchinga, pamene anakumana ndi njati yovulala ndi waya wa msampha. Inawabalalitsa m'tchire lowirira. Atasonkhananso, mmodzi panalibe. Anaitana, anawombera mfuti m'mwamba, anafufuza mpaka madzi anawathera, ndipo anakakamizika kubwerera. Panthaka youma ngati mwala ija mapazi sankaoneka. Gulu lina linali litanyamuka kale kukafuna, koma dera lake ndi lalikulu, mitengo yofanana yokhayokha. Ndege ina imene ikanathandiza inali kutali pa ntchito ina, ndipo pa wailesi ankangoti ibwera.

Akapitawo anamva zonse ataima pakhomo la galaja. Sanadikire kupemphedwa. Anandiuza kuti tichotse chilichonse cholemera mu ndege, ndipo tinyamuke mbandakucha kusanatenthe, ine ndikhale woyang'ana pansi.

Sindinali ndinakwerapo ndege chibadwire, koma sindikumbuka kuti ndinachita mantha. Ndimakumbuka mtsinje utafota ngati chingwe pakati pa mchenga, mvuu zitaunjikana m'maiwe otsala, ndi tchire lotuwa lopita mpaka kumapiri. Diso limodzi linali pansi, lina pa geji. Muvi unkakwera mosapupuluma koma mosaima. Tisanafike ngakhale theka la ulendo, akapitawo anachepetsa moto n'kukhota.

Mlongo wanga anali atabwera kuchokera ku kampu, mwana ali kumsana, n'kukhala pamthunzi wa mvunguti m'mbali mwa kabwalo. Sanatifunse kanthu. Anali atamva yekha kuti kulira kwa ndege sikunapite patali.

Masana onse tinali pa injini, zitsulo zikutiwotcha zala. Tinakulitsanso kabowo ka petulo. Tinamanga kachitini koti tizidonthezera madzi pa masilinda kudzera m'kapaipi, koma madziwo ankauma asanachite kanthu. Ndinawapempha akapitawo kuti tichotse chivundikiro chonse, injini ikhale pamtunda. Anandifotokozera modekha kuti popanda chivundikiro mphepo ingangomenya masilinda a kutsogolo n'kulambalala a kumbuyo, ndipo angapse msanga kuposa kale. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma ndinakwiya nawo.

Tinayesanso m'mawa wotsatira, tinabwerera. M'mawa winawo kunali timitambo, mpweya unali wozizirirapo, ndipo tinapita kutali kuposa kale lonse. Mapiri anayamba kuoneka mitengo yake umodziumodzi. Ndi pamene ndinaona utsi. Mwezi umenewo utsi umakhala paliponse m'chigwa, koma wa lupsa umakhala wotambalala ndi wakuda. Uwu unali wopyapyala, woima chilili pamalo amodzi, pafupi ndi khwawa louma.

"Akapitawo, utsi uko."

Anauyang'ana, kenako anayang'ana geji. Muvi unali utadutsa mzere wofiira. Fungo la oilo wopserera linali litadzaza momwe tinakhalamo, ndipo injini inali itayamba kulira ngati mwaponya timiyala m'chitini.

"Tisendereko pang'ono chabe," ndinatero. "Tingoona."

"Ikazima pano, ofunawo azifuna anthu atatu," anatero akapitawo.

Anakhota. Ndinapotoloza khosi kuyang'ana utsi uja mpaka phiko linaubisa. Pobwerera injini inkadukizadukiza, ndipo tinatera oilo akuchucha m'mbali mwa ndege. Titatsegula tinapeza mutu wa silinda ya kumanzere ija utang'aluka. Ndege sikanathanso kunyamuka.

Ndinathamangira ku kampu kukawafotokozera akuluakulu a masikauti za khwawa lija ndi phiri limene linali kumbuyo kwake. Anandimvetsa, analidziwa khwawalo. Anatumiza uthenga pa wailesi kwa gulu limene linali m'tchire, koma iwo anali mbali ina, ndipo mtunda umene ife tinauona ngati kutalika kwa mkono unali ulendo wautali wa miyendo m'dzuwa limenelo. Atafika anapeza miimba itawatsogolera. Mlamu wanga anali atatsamira mtengo, mwendo utathyoka pamwamba pa bondo, ataumanga ndi lamba wa mfuti. Pambali pake panali phulusa la moto umene ankasonkhezera ndi masamba aawisi, ndi dzenje limene anakumba ndi manja mumchenga wa khwawa kufuna madzi. Anzake anati sipanapite nthawi yaitali chimwalirire.

Maliro anachitikira kwawo ku Nsefu. Akapitawo anapempha matabwa ku loji, anakhoma bokosi okha, n'kulinyamula pa galimoto. Kumaliroko anakhala pakati pa amuna, chipewa chili pa bondo. Palibe anawaloza chala. Azakhali ena a malemu okha, podutsa ndi ndowa ya madzi, anayankhula m'Chikunda kuti ndege yoopa dzuwa ya ntchito yanji m'dziko la dzuwa. Akapitawo anandifunsa chimene mayiwo ananena. Ndisanayankhe anagwedeza mutu n'kuti ndisavutike, amva.

Nyumba ya ku kampu inali ya ntchito, choncho mlongo wanga anayenera kutulukamo. Anapita kukakhala ndi amayi athu, amenenso anali ku Nsefu, n'kuyamba kulima thonje ndi chimanga pa kamunda kamene njovu zinkadutsamo chaka chilichonse. Ine ndinabwerera ku magalimoto anga. Chisakasa chija akapitawo anachitseka ndi lata, ndipo tonse awiri tinkadutsa pamenepo ngati palibe kanthu. Akapitawo anaonda. Nthawi ya nkhomaliro ankangokhala pa benchi kuyang'ana kutsidya kwa mtsinje.

Mvula itagwa alendo anasiya kubwera, misewu inasanduka phala, ndipo ntchito inachepa. Tsiku lina ndinapeza lata lija litachotsedwa. Akapitawo anali mkati, atabwezera kale mutu wina wa silinda umene anaupeza ku Chipata. M'manja anali ndi kapaipi koonekera mkati, kaja ka diripi, kamene anapempha ku kiliniki. Anakapinda ngati uta, anakakhomera pa kathabwa, n'kuthiramo madzi osakaniza ndi inki. Mbali imodzi anailowetsa pamwamba pa injini, inayo pansi pake, kathabwako n'kukamangirira pakati pa mipando.

Anandiuza kuti pansi pa mgodi mpweya ankauyeza choncho. Ngati mphepo ikukankha kwambiri pamwamba kuposa pansi, madzi atsika mbali imodzi n'kukwera mbali inayo, ndiye kuti ikudutsa m'zipsepse. Anandipempha kuti ndikwere nawo, ndiziyang'ana madziwo. Ndinafuna kukana. Ndinakwera chifukwa sindinapeze mawu okanira munthu amene nkhope yake inali itatha chotero.

Tili m'mwamba, madzi aja anangosuntha pang'ono, osakwana chikhadabo. Ndinawalozera. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo tinatera.

Atazimitsa injini sanatsike msanga. Kenako anakagwada pansi pa mphuno ya ndege n'kupisa dzanja pa mpata wa kunsi kwa chivundikiro, pamene mphepo yotentha imayenera kutulukira. Zala zinayi zinalowa movutikira. Chivundikirocho anachisula okha, ndipo kunsiko anakuthina dala kuti ndege izioneka bwino ndi kuthamanga. Mphepo inkalowa yambiri kutsogolo, ife n'kumaikulitsira khomo, koma inkasowa potulukira. Inkangodzazana mkatimo, pamwamba ndi pansi mofanana, osayenda.

"Zaka zonse zija ku mgodi," anatero, akuyang'ana pansi. "Ngakhale wolembedwa dzulo amadziwa kuti mpweya sulowa kumene sutuluka."

Anatenga sizasi ya malata, anadula chidutswa kunsi kuja, n'kupinda mlomo wake kuti uloze pansi. Ntchito yonse inatha dzuwa lisanafike pamutu. Titanyamukanso, madzi a m'kapaipi anasiyana kutalika kwa chala chathunthu. Muvi wa geji unakwera kufika pakati n'kuima. Akapitawo anawonjezera moto, anakwera m'mwamba, muvi osasuntha. Tinawoloka mtsinje wodzaza, tinadutsa pamene tinkabwerera masiku aja, tinapitirira. Sanandiuze kumene tinkapita, ndipo sindinafunse. Khwawa lija tinalipeza likuyenda madzi, tchire lonse lili biriwiri, moti mtengo wake sindikanautha kuuloza. Tinazungulira kamodzi n'kubwerera.

Ndegeyo inagwira ntchito zaka zingapo. Masikauti ankakwera, misasa ina ya mapocha inapezeka, ena anagwidwa. Zipembere zinathabe. Njovu zinapitiriza kugwa, ndipo nthawi zambiri chimene ndege inkapeza chinali mitembo yosemedwa kumaso, minyanga itachotsedwa. Pambuyo pake maso a akapitawo anayamba kuchita nkhungu, anasiya kuuluka, kenako anapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Wogula sanapezeke. Chiswe chinalowa m'mapiko, nsalu ija anthu anang'amba n'kufolera makola a nkhuku. Za akapitawo sindinamvenso, kaya ali moyo kaya anatsogola.

Koma zimenezo zinabwera mochedwa. Chaka chotsatira maliro aja, dzuwa litabwereranso, ndinapalasa njinga kupita ku Nsefu kukaona amayi. Ndinapeza mlongo wanga ali pa mphasa kuseri kwa nyumba, akusankha zinyalala mu thonje lotsalira. Anali atakalamba ngati wamkulu kwa ine. Titapatsana moni anandiuza kuti amaimva ndege ija ikamadutsa, ngakhale masana dzuwa lili pamutu, ndipo kulira kwake kumapita mpaka kuzimirira. Ankandiitana monga ankandiitanira ana ake.

"Amalume, chinali chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za mphepo ndi zipsepse, koma ndinaona kuti si zimene ankafuna. Ndinamuuza kuti tinadula kachidutswa ka lata kunsi kwa injini. Anafunsa kukula kwake. Ndinatambasula zikhatho zanga ziwiri, n'kuzigundanitsa.

"Basi?"

"Basi."

Anayang'ana manja angawo kwa kanthawi, kenako anabwerera ku thonje lake. Sanalire. Patapita nthawi anandiuza kuti amayi ali kudimba, ndikawapeze komweko, ndipo ndisachedwe kunyamuka chifukwa madzulo njovu zimatsekereza njira yobwerera ku Mfuwe.